Mmene mungadzisamalire mukangochira kumene

Amayi anzanga kuno ku Kasungu, mwana akabadwa aliyense maso pa khanda, inu kukuiwalani. Ndiye dziyang'anireni nokha.

Choyamba pumani. Ine nditachira mwana wachiwiri ndinathamangira kumjigo tsiku lachinayi poopa kuti apongozi andinena ulesi, zotsatira zake magazi anayambiranso mwamphamvu mpaka kukwera kabaza usiku. Mtondo, ndowa, kusoka fodya, asiyireni ena kaye. Amene mwachita opareshoni ndiye musanyamule chilichonse cholemera kuposa mwanayo, koma muziyendako pang'ono pakhomo.

Magazi amatha kutuluka mpaka masabata 6, akucheperachepera. Koma ngati padi ikudzadza ola lisanathe, kapena kukutuluka fungo loipa, thupi kutentha, mutu waukulu maso kuchita chidima, pitani kuchipatala pompo osadikira kuche. Ngati munasokedwa kumunsiku pochira sambani ndi madzi oyera, pukutani bwino, osaikako mankhwala azitsamba.

Idyani zenizeni, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba, usipa, bonongwe, mazira, madzi ambiri poti mukuyamwitsa. Mapilitsi owonjezera magazi aja musawataye pansi pa mphasa.

Za mumtima izi sitikambirana. Kungolira popanda chifukwa masiku oyambirira zimachitika, si ufiti ayi. Koma zikapitirira masabata awiri, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, mwanayo osamufuna, kapena maganizo odzipweteka, uzani anamwino kapena mchemwali amene mumamukhulupirira. Abambo nanu tengani mwana usiku, iwo agoneko.

Kusikelo ya masabata 6 mufunsenso za kulera.