Mmene mungayendere Mahabalipuram, tauni ya akachisi a miyala m'mbali mwa nyanja ku India

Anthu ambiri akwathu akamapita ku Chennai amapitira chipatala kapena sukulu, ndiye munthu umangozungulira pakati pa wodi, famase ndi kachipinda ka lendi mpaka tsiku lobwerera lifike osaona kalikonse. Inenso ndinapita choncho, kuperekeza achemwali anga, ndipo adokotala atatiuza kuti tidikire masiku angapo tisanaonanenso, mpamene tinaganiza zokapumitsako mtima ku Mahabalipuram. Ngati nanunso mungapeze tsiku limodzi kapena awiri opanda zochita, pitani ndithu, koma mupite ndi pulani chifukwa dzuwa lakumeneko silinyengerera munthu.

Tauniyi ena amaitchula kuti Mamallapuram, ndi malo amodzi omwewo musasokonezeke mukaona pa basi. Ili m'chigawo cha Tamil Nadu, makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Chennai, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Bay of Bengal. Msewu wake ndi East Coast Road, aliyense amangoti ECR, ndipo pagalimoto ndi ola limodzi ndi theka kapena awiri kutengera jamu yotulukira mu tauni. Sitima sifika. Mabasi alipo ambiri komanso otchipa, ngakhale aja opita ku Pondicherry amadutsa komweko, koma ngati muli ndi wodwala kapena achikulire bola kuhaya takisi ya tsiku lonse, mugwirizane mtengo musanakwere. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu konkuno ndiye powoloka msewu simuvutika kwambiri, kungoti mahutala ndi osalekeza.

Chachikulu chimene ndingakuuzeni ndi ichi, gonani komweko kapena nyamukani ku Chennai kusanache, kuti 6 koloko mmawa ikupezeni pageti pa Shore Temple. Malo ogona otsika mtengo ali mbwee mu Othavadai Street, kamsewu kotsikira kunyanja. Pagetipo mumagula tikiti imodzi imene imagwiranso ntchito pa malo ena olipiritsa tsiku lomwelo, ndiye musaitaye kapena kuinyowetsa ndi thukuta m'thumba. Alendo timalipira zambiri kuposa eni dziko, zimenezo muzidziwiretu kuti musakakangane ndi wapawindo.

Shore Temple ndi kachisi woyima pamphepete penipeni pa nyanja, anamangidwa cha m'ma 700 mu ulamuliro wa mfumu Narasimhavarman II ya ufumu wa Pallava. Ndi wa mwala wa granite, ali ndi nsanja ziwiri zosongoka, ndipo mkati muli tizipinda titatu, tiwiri ta Shiva ndi kamodzi ka Vishnu atagona, onsewa ndi milungu ya Chihindu. Mmawa dzuwa likamatuluka m'madzi mwala uja umasanduka wofiirira ngati uchi, mphepo ikadali yozizira, asodzi akukankha mabwato awo chapataliko. Yandikirani mpanda uja wa ng'ombe zamwala zimene zandandalika kuzungulira kachisi, dzina lake Nandi, ng'ombe ya Shiva. Zambiri nkhope zinafufutika, mphuno ndi makutu zinasalala ngati sopo wotha, chifukwa mphepo yamchere yakhala ikuzinyambita zaka zoposa 1,300. Nchifukwa chake anaunjika miyala ikuluikulu kumbali ya nyanja ndi kudzala mitengo yotchinga mphepo. Anthu akumeneko amakamba kuti kale akachisi analipo 7 ndipo 6 anamizidwa ndi nyanja, ndipo pa tsunami ya pa 26 December 2004, madzi atabwerera m'mbuyo kwa kanthawi, ena anati anaona mizere ya miyala pansi. Chimene chili choona nchakuti mafunde aja anakokolola mchenga nkuvundukula zosema zina zimene zinali zokwiririka.

Mukachoka apo, dzuwa lisanakwere, thamangirani ku Pancha Rathas, kupitirira kilomita imodzi kummwera. Mutha kuyenda wapansi kapena kukwera kabajaji, kumeneko amati auto. Apa pali tiakachisi tisanu ndipo chodabwitsa nchakuti sanamange, anasema. Anatenga thanthwe nkuyamba kuligoba kuchokera pamwamba kutsika pansi mpaka patuluke nyumba ya denga, zipilala ndi khonde, popanda simenti kapena kulumikiza mwala ndi mwala. Anatipatsa maina a Dharmaraja, Bhima, Arjuna, Nakula ndi Sahadeva pamodzi, komanso Draupadi, anthu a m'nthano zakale za Chihindu. Ntchitoyi ndi ya m'zaka za m'ma 600, nthawi ya Narasimhavarman I, amene ankatchedwa Mamalla kutanthauza katswiri wogwetsana, ndipo dzina lija la Mamallapuram linachokera pamenepo. Sanamalize, ndiye muyang'ane m'munsi mwa Bhima Ratha ndi Dharmaraja Ratha muona pamene tchizulo inalekezera, mwala ukadali wokhakhala. Palinso njovu yamwala yaikulu ngati yeniyeni, aliyense amafuna chithunzi pamenepo ndiye mukafika mochedwa mukhala pamzere.

Kenako idyani kaye. Chakudya chammawa kumeneko ndi idli, timikate tofewa ta mpunga tophika ndi nthunzi, kapena dosa, ndi msuzi wa sambar, kenako khofi wamkaka m'kakapu kachitsulo. Tsabola amathira mosaumira, ngati m'mimba simuzolowera nenani msanga.

Tsopano malo amene ine ndinawakonda kuposa onse ali pakati pa tauni, pa phiri la miyala. Poyamba mufika pa Arjuna's Penance, ena amati Descent of the Ganges. Ndi khoma la thanthwe lotalika mamita pafupifupi 29 m'litali ndi 13 kupita mmwamba, lodzaza ndi zosema za milungu, anthu ndi nyama. Apa musathamange chonde, anthu ambiri amangojambula njovu ziwiri zikuluzikulu zija nkumapita, pomwe nkhani ili mu tinthu ting'onoting'ono. Pakati pa thanthwe pali mng'alu wachilengedwe umene osema anausandutsa mtsinje wa Ganges ukutsika kuchokera kumwamba, mkati mwake muli njoka za mitu ya anthu. Chakumanzere kwa mng'aluwo, mmwamba, pali munthu wowonda nthiti zili pamtunda, waima ndi mwendo umodzi manja ali mmwamba, akusala kudya. Ena amati ndi Arjuna, ena amati ndi Bhagiratha amene anapempha kuti mtsinjewo utsike, nchifukwa chake maina ali awiri. Ndiye tsitsani maso pafupi ndi minyanga ya njovu yaikulu, mupeza mphaka naye waima ndi miyendo yakumbuyo, manja mmwamba ngati munthu wopemphera uja, mbewa zitamuzungulira. Pansi pa mimba ya njovu pali tiana take tikubisala. Chapambali pang'ono pali banja la anyani amwala, wina akufufuza nsabwe m'mutu mwa mnzake pomwe mayi akuyamwitsa mwana.

Pafupi pomwepo lowani mu Krishna Mandapam. Pakhoma pali mulungu Krishna atanyamula phiri la Govardhana kuti anthu ndi ziweto abisale mvula, koma ine chimene chinandigwira mtima ndi bambo wina amene wanjuta akukama mkaka, ng'ombe yatembenuza khosi ikunyambita kathole kake, lilime likuoneka bwinobwino pamsana pa kamwanako. Achemwali anga anaima pamenepo nthawi yaitali osayankhula, kenako anangoti, koma wosema uyu anawetapo ng'ombe. Ndipo zoona, munthu amene sanakhalepo kukhola sangaseme khosi lija choncho.

Mukakwera chakumpoto mupeza Krishna's Butterball, chimwala chozungulira cha mamita pafupifupi 6 kutalika, cholemera matani pafupifupi 250, chitangokhala pamalo otsetsereka ngati chigubuduka pompano koma sichisuntha. Anthu amakhala mumthunzi wake kupuma. Atsogoleri a India ndi China, Narendra Modi ndi Xi Jinping, anajambulitsa pamenepa atakumana mu October 2019. Thanthwe lake ndi loterera chifukwa ana amaseweretsa kutsetsereka, ndiye valani nsapato zogwira pansi, mapatapata ayi.

Paphiri lomweli pali mapanga osemedwa angapo, simungathe onse dzuwa litakwera, sankhani awiri basi. Varaha Cave ili pafupi ndi Butterball. Inayo ndi Mahishasuramardini Cave chakummwera, pomwe pali mulungu wamkazi Durga atakwera mkango, uta uli m'manja, akuthamangitsa chiwanda cha mutu wa njati, ndipo khoma loyang'anizana nalo kuli Vishnu ali mtulo pa njoka, mbali imodzi nkhondo mbali ina bata. Pamwamba pake pali kakachisi ka Olakkannesvara ndipo pafupi pali nsanja ya nyali yolondolera zombo, amalola kukwera polipira kangachepe, mukafika pamwamba tauni yonse ndi nyanja zimaoneka. Anyani enieni aliponso paphiripa ndipo amalanda chakudya ndi mabotolo, sungani m'chikwama.

Ikamakwana 12 koloko bisalani. Miyala imatentha moti ngakhale kukhudza ndi dzanja kumawawa, makamaka April mpaka June pomwe kutentha kumayandikira madigiri 40. October mpaka December ndi nthawi ya mvula yamphamvu, ndiye miyezi yabwino ndi January ndi February, komanso kumapeto kwa December ndi mu January kumakhala chikondwerero cha magule achikhalidwe. Masana pitani mukadye nsomba yowotcha kapena ma prawns mu Othavadai Street, funsani mtengo asanaphike chifukwa nsomba yaikulu amatchaja potengera kukula. Madzi imwani a m'botolo lotseka, kapena a kokonati amene amakusendera pompo ndi chikwanje.

Za kusamba m'nyanja ndikuchenjezeni mwamphamvu, iyi si Senga Bay. Mafunde ake amakoka munthu kupita mkati ndipo anthu amamira ndithu, ingonyowetsani mapazi basi.

Madzulo, cha m'ma 4, akachisi amene anthu amapempheramo amatsegulanso atatseka masana. Pakati pa tauni pali Sthalasayana Perumal Temple, wa Vishnu, ndipo uyu si malo ongoonera ayi, ndi nyumba yopemphereramo ya anthu. Vulani nsapato panja, valani zophimba mapewa ndi mawondo, amayi chitenje chimathandiza kwambiri, ndipo funsani pakhomo kuti mlendo amalekezera pati komanso ngati amalola kujambula.

M'misewu mukhala mukumva kugogoda kwa nyundo ndi kulira kwa magalayindala, ndi osema miyala, luso lija silinafe mpaka lero. Kugula kachikumbutso ndi bwino koma samalani, ine wogulitsa wina anandipatsa kanjovu akuti ndi granite pamtengo wokwera, kufika kunyumba kanali kataphwanyika chitamba m'chikwama. Kanali ka mwala wofewa uja wa soapstone. Muyese ndi chikhadabo pansi pake, kakakandika dziwani kuti si granite ndipo mtengo utsike. Nenererani, amayamba ndi mtengo wapamwamba.

Ngati muli ndi tsiku lachiwiri, pobwerera ku Chennai imani pa Tiger Cave, makilomita 5 kumpoto, thanthwe losemedwa mitu ya zilombo kuzungulira khomo, malo a zii a mitengo oyenera kupumulirapo. Kupitirira pang'ono pali Madras Crocodile Bank imene Romulus Whitaker ndi Zai Whitaker anayambitsa mu 1976, kuli ng'ona zamitundumitundu kuphatikizapo gharial ya kukamwa kowonda, komanso anthu a mtundu wa Irula amaonetsa mmene amakamira ululu wa njoka wopangira mankhwala, koma Lolemba amatseka. Amene muli ndi mphamvu m'miyendo pitani ku Thirukalukundram, makilomita pafupifupi 15 kumadzulo, kuli kachisi wa Shiva pamwamba pa phiri ndipo masitepe ake ndi oposa 500, okwera opanda nsapato, ndiye mmawa wokhawokha. Ife kumeneko sitinakwere chifukwa cha thupi la achemwali, tinabwerera ku Krishna Mandapam kukaonanso ng'ombe ija kachiwiri, takisi ikutidikira panja.