Wodwala khansa akayamba chifuwa, chitani izi pa nkhani ya X-ray

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje kuno, ngati muli ndi wodwala khansa pakhomo makamaka amene akulandira kemo (mankhwala opha maselo a khansa) ku Queens, akangoyamba kutsokomola, kubanika kapena thupi kutentha kufika madigiri 38, musamati ndi dzuwa la Okutobala ayi, tsiku lomwelo thamangani naye kuchipatala. Kemo imatsitsa chitetezo ndiye kachimfine kamene inu kamangokudutsani iye kamatha kutsikira m'mapapo n'kukhala chibayo.

Ponyamuka tengani buku lake la kuchipatala ndi zithunzi zakale za pachifuwa zonse, adokotala amafuna kufananiza. Auzeninso tsiku lomwe analandira kemo komaliza.

Pachithunzipo, chibayo cha mavairasi ngati fuluwenza, RSV, CMV kapena Covid-19 nthawi zambiri chimagwira mapapo onse awiri, pamaoneka mbuu apa ndi apo ngati nkhungu ya m'mamawa pa Shire, pa CT (makina ojambula m'kati mwa thupi mozama kuposa X-ray) mitsempha imaonekabe kuseri kwake. Cha mabakiteriya chimakonda kuunjikana malo amodzi. TB imakonda kumtunda kwa mapapo, nthawi zina mpaka kuboola mphako. Koma chithunzi pachokha sichingatchule dzina la vairasi, Kaposi (khansa yomwe imakonda kugwira khungu) kapena khansa yofalikira nayonso imayeretsa mapapo, n'chifukwa chake amayezanso makhololo ndi magazi, chonde musakane.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine n'chakuti poyambirira X-ray itha kutuluka yabwinobwino munthu akudwala ndithu. Akamapumirabe m'mwamba pemphani amuyeze okisijeni pachala, ndipo funsani adokotala ngati angamutumize ku Blantyre akajambulidwe CT, imaona zomwe X-ray yaphonya.