Nyumba ya mabuloko kapena ya matabwa? Momwe mungasankhire ngati mukugula kapena kumanga ku Florida

Ife okulira kumudzi tikamva zoti nyumba ya matabwa timangoganiza za shedi ya fodya kapena kantini ya pa msika, ndiye munthu ukafika ku America nkukuuza kuti nyumba zambiri kuno mkati mwake ndi mapulanga okhaokha umadabwa kuti anthu olemera chonchi akugona bwanji mu chisakasa. Koma ku Florida nkhani ndi ina pang'ono, uli ndi mwayi wosankha. Pa zotsatsa nyumba mupeza zilembo zoti CBS, imeneyo ndi ya mabuloko a simenti yopaka pulasitala kunja, pulasitala yake amati stucco. Inayo amati frame, mafupa ake ndi matabwa ndipo kunja ena amaiveka timapepala ta pulasitiki tolimba totchedwa vinyl siding. Tiyeni ndikuyendetseni momwe ine ndingasankhire.

Yambani ndi kudziwa chomwe mukuonacho, chifukwa maso amanama. Sikuti nyumba iliyonse yopaka pulasitala ndi ya mabuloko ayi, ena amapaka stucco pamwamba pa matabwa ndipo ukaima pa msewu sungasiyanitse. Ine ndinatsala pang'ono kupusa nazo, tinapita kukaona nyumba ina yosanjikiza, mtima unali utagwa kale, ndikugogoda khoma la pansi phokoso lake lolimba ngati mwala, kukwera m'mwamba kugogoda cha pa windo kumveka ngati ng'oma. Kufunsa bwino, pansi mabuloko pamwamba matabwa, ndipo nyumba zosanjikiza zambiri za cha ku Orlando ndi Tampa amamanga choncho. Ndiye gogodani kunja, onani kunenepa kwa khoma pa windo, buloko lake limakhala mainchesi 8 ndiye windo limaoneka lolowa mkati. Lowaninso mu galaja, nthawi zambiri mabuloko amaonekera poyera mmenemo. Mukafika kunyumba tsegulani webusaiti ya property appraiser, ofesi yowerengera mtengo wa nyumba mu county (dera ngati boma kwathu) imeneyo, amalemba kuti makoma ndi a chani komanso chaka chomwe inamangidwa, zaulere.

Chakacho musachidumphe, mwina ndiye chachikulu kuposa zonse. Mu Ogasiti 1992 namondwe Andrew anasesa Homestead, kumwera kwa Miami, ndipo zinaoneka poyera kuti mamangidwe ambiri anali achinyengo, madenga ongokhomera misomali iwiri itatu. Kuchokera apo malamulo anakhwima mpaka boma la Florida linabweretsa lamulo limodzi la mamangidwe lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2002, ndipo ku ma county a Miami-Dade ndi Broward ndiye kuli okhwima kuposa kwina konse. Nyumba ya matabwa yomangidwa pambuyo pa 2002 itha kupirira mphepo kuposa ya mabuloko yakalekale yomwe sanaikonzepo kanthu.

Apa ndipomwe ambiri timasochera, timakhulupirira khoma nkuiwala denga. Kaya nyumbayo ndi ya mabuloko kaya ya matabwa, mathirasi a denga ndi matabwa basi. Mphepo ikathyola windo kapena chitseko cha galaja imalowa mkati nkukankha denga kuchokera pansi, denga likauluka khoma lanu lolimbalo lingotsala ngati bwinja. Ndiye sitepe yachitatu, itanitsani munthu wochita wind mitigation inspection. Ameneyu amakwera mu siling'i kukaona ngati mathirasi anamangiriridwa ku khoma ndi tizitsulo tija amati hurricane straps, amaona misomali ya denga, maonekedwe a denga, ndi mawindo ngati ali osasweka kapena ali ndi zotsekera. Pa nyumba ya mabuloko yomangidwa bwino pamakhala zitsulo zoimirira mkati mwa mabowo ena a mabuloko, kuthiramo konkire, kenako pamwamba bimu yozungulira nyumba yonse, ring'i bimu yomwe ija amisiri akwathu amaidziwa. Ngati mukumanga nokha pitani pa saiti tsiku lothira konkire, mukaone ndi maso anu kuti zitsulo zilimo.

Kenako imbani kwa a inshuwalansi musanasaine chilichonse. Inshuwalansi ya nyumba ku Florida ndi yowawa, ndipo funso lawo loyambirira ndi lomweli, masonry (mabuloko) kapena frame. Kawirikawiri inshuwalansi ya nyumba ya matabwa imadula kuposa ya mabuloko chifukwa cha moto ndi mphepo, ndipo lipoti la wind mitigation lija limatha kukutsitsirani mtengo. Pemphani mitengo ya nyumba zonse ziwiri, muphatikize ndi ngongole ya mwezi ndi mwezi. Nyumba ya matabwa imatha kutchipa pogula kapena pomanga, imamangika msanganso, koma kusiyanako kumadyeka pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Madzi ndi nkhani ina, buloko silikupulumutsani. Namondwe Ian mu 2022 cha ku Fort Myers, chomwe chinapha anthu ambiri ndi madzi a m'nyanja osefukira kumtunda. Onani mapu a FEMA, bungwe la boma la America loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngati malowo ali mu dera losefukira, ndipo dziwani kuti inshuwalansi wamba ya nyumba sikhudza kusefukira kwa madzi, imeneyo mumagula payokha.

Tsopano chiswe. Ichi sindikuphunzitsani, tonse tinaonapo mitengo ya denga itadyedwa kutsala chikopa chokha. Florida ndi kotentha komanso kwachinyontho, chiswe chilipo cha pansi pa nthaka ndi china chokhala mu thabwa louma momwemo, chinachi mpaka amaphimba nyumba yonse ndi tenti nkupopera mpweya wa poizoni, eni ake kukagona kwina masiku angapo. Ya matabwa ili pa chiopsezo chachikulu, inde, koma ya mabuloko nayo ili ndi mathirasi, makabati, ndi timatabwa tomwe amakhomerapo drywall, mabodi ophimbira khoma, mkati. Lipirani WDO inspection, yofufuza chiswe ndi zina zoononga matabwa, pa nyumba iliyonse. Pa ya vinyl onetsetsani kuti pulasitikiyo sinakhudze dothi, pakhale mpata woti muziona njira za chiswe zikamakwera pa fandeshoni.

Pomaliza dzifunseni kuti ndinu munthu wotani pa nkhani yosamala nyumba. Vinyl siifuna penti, kungoitsuka nkhungu yobiriwira ija basi, ndipo pepala limodzi likasweka mumangosintha lomwelo. Kuipa kwake imasungunuka, mukaika mbaula yootchera nyama pafupi ndi khoma mupeza yapindika ngati pepala la shuga pa moto, komanso mphepo yamkuntho imatha kuisenda. Ndipo madzi akalowa kuseri kwake simudziwa msanga, thabwa limaola mwakachetechete. Stucco imang'aluka timing'alu ting'onoting'ono, pa buloko sizoopsa kwenikweni bola muzimata ndi kupenta nthawi yake ikakwana, koma mng'alu womwewo pa stucco ya pamwamba pa matabwa ndi khomo la madzi, ndiye pa nyumba yosanjikiza ija yang'anitsitsani m'mwambamo, makamaka m'makona a mawindo. Mbali ya kutentha matabwa amapambana, pakati pa mapulanga pamalowa insulation, zotchingira kutentha, yambiri pomwe buloko palokha silitchinga kutentha bwino, funsani kuti anaikamo chani mkati ndipo pemphani kuona mabilu a magetsi a Julaye ndi Ogasiti, miyezi yotentha kwambiri kuno. Mukafuna kudzagumula khoma kuti muonjezere chipinda, matabwa ndi osavutanso.

Ine pandekha, kumwera kwa Florida kapena pafupi ndi nyanja ndingatenge ya mabuloko yopanda nsanjika, ya denga latsopano. Cha kumpoto ngati ku Jacksonville kapena Tallahassee komwe za matabwa ndi zambiri, sindingakane frame ya pambuyo pa 2002 ngati malipoti a denga ndi chiswe ali bwino. Nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo namondwe akangolengezedwa kuti akubwera makampani amaimitsa kaye kulemba inshuwalansi yatsopano, ndiye ngati mukutseka dilu miyezi imeneyo konzani mapepala a inshuwalansi msanga.