Ukasiya kulumpha pa neti: mmene ungayambire ukochi wa volleyball

Bondo langa lakumanzere litayamba kukana, ndinkaona ngati ukochi ndi ntchito yophweka. Mpira ndinali nditaumenya zaka zambiri, nanga chikanandivuta n'chiyani? Tsiku loyamba ndinauza mtsikana wina kuti, "Lumpha, umenye chonchi," n'kumuonetsa. Anangondiyang'ana. Zimene thupi langa linkadziwa zinalibe mawu pakamwa panga.

Ndiye ngati mudakasewera koma mukufuna kudzaphunzitsa, yambani lero kugawa luso lililonse m'tizigawo. Tengani kusimasha, kuja kolumpha n'kumenya mpira mwamphamvu kuti ugwe kwa adani. Womenya ndi dzanja lamanja amaponda phazi lakumanzere, lakumanja, lakumanzerenso, awiri omalizawo mwachangu. Mikono imathawira kumbuyo kenako n'kumukwezera m'mwamba, mpira amakumana nawo patsogolo pang'ono pa phewa, mkono utatambasuka. Zilembeni m'kope muli ndi mawondo abwino. Ine ndinachedwa.

Kenako phunzirani malo amene simunasewerepo. Ine ndinali womenya, ndipo libero, wosewera kumbuyo amene ntchito yake ndi kulandira mipira, ndinkamuderera, ndivomere. Malo amenewa anakhazikitsidwa mu 1998. Mwini wake amavala jezi yosiyana ndi anzake, sabuloka, samenya mpira uli pamwamba pa neti. Koma akalandira sevisi mokhota, seta, uja wokonzera womenya mpira, amathamanga ngati wopenga ndipo womenya wanu wotchuka uja amangokhala mlendo pabwalo. Muzikhala kumbuyo kwa bwalo n'kumayang'ana mpira woyambawo, osati womaliza.

Malamulo a pa benchi nawonso ndi sukulu. Pa seti imodzi mungasinthe osewera kasanu ndi kamodzi, ndipo muli ndi ma timeout (nthawi yoimitsa masewero kuti mulankhule ndi osewera) awiri a masekondi 30. M'masekondi amenewo mumatha kunena chinthu chimodzi chokha, ana akupuma wefuwefu, ena akumwa madzi. Ine ndinkanena zinthu zisanu mokalipa, iwo n'kubwerera osagwira n'chimodzi chomwe. Pano ndimangoti, "Sevani kwa nambala 5," basi.

Pepala la ukochi pezaninso. Bungwe la FIVB, loyendetsa volleyball padziko lonse, lomwe linayamba mu 1947, lili ndi maphunziro a makochi kuyambira Level 1 mpaka 3. Funsani ku bungwe loyendetsa volleyball m'dziko lanu.

Musakane kuyamba ngati wothandizira. Karch Kiraly, mwini mendulo zagolide za Olimpiki za 1984, 1988 ndi 1996, anayamba wakhala wachiwiri kwa kochi wa timu ya amayi ya America asanaitenge mu 2012. Lang Ping wa ku China anapata golide wa Olimpiki akusewera mu 1984, koma wa ukochi anamupeza mu 2016, patadutsa zaka 32.

Mukapatsidwa ana, tsitsani neti. Ya amayi ndi mamita 2.24, ya abambo 2.43, ndipo mwana wa zaka khumi akalephera kuolotsa mpira kangapo sabweranso mawa. Mangani chingwe pamene manja ake akufika, mumuponyere mpira nokha, aumenye.