Momwe mungatcherere foni yanu kuti musamaiwale mankhwala a BP

Matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe ambiri timangoti BP, nthawi zambiri sapweteka. Munthu akhoza kukhala zaka BP yake ikupitirira 140/90 iye akudzimva kuti ali bwinobwino, pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete mpaka tsiku limene sitiroko idzamugwetsa. N'chifukwa chake piritsi la BP siliчedwa kuiwalika: palibe ululu wokukumbutsani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2003 kuti ngakhale m'maiko olemera, pafupifupi theka lokha la odwala matenda okhalitsa ndi amene amamwa mankhwala monga anawauzira. Foni ikhoza kugwira ntchito imene thupi likulephera, bola muitchere bwino.

Musanaigwire n'komwe foniyo, funsani adokotala nthawi yoyenera mankhwala alionse amene anakupatsani. Mwachitsanzo, mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide amakodzetsa, ndiye amamwedwa m'mawa kuti musamadzukedzuke usiku. Amlodipine ndi wa kamodzi patsiku, ndipo chofunika n'chakuti izikhala nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse.

Mukadziwa nthawi, tsegulani wotchi ya pafoni, ija yolembedwa Clock, pitani pa Alarm n'kudina chizindikiro cha +. Ikani ola, kenako sankhani masiku onse 7. Ambiri amasiya Loweruka ndi Lamlungu chifukwa anazolowera alamu yodzukira kuntchito, koma BP siidziwa tsiku lopuma. Pa Label lembani dzina la mankhwala ndi mlingo wake, mwachitsanzo "Amlodipine 5mg, piritsi limodzi". Ipatseni kaliridwe kakekake kosiyana ndi alamu zina. Ngati mumamwa kawiri patsiku, tcherani ziwiri. Alamu imeneyi siifuna intaneti.

Tsopano pamene ambiri amagwera ndi apa. Alamu imalira, munthu ali kutali ndi mankhwala, amaizimitsa n'kunena kuti "ndimwa posachedwa", basi tsiku lapita. Choncho sankhani ola limene mumakhala muli pafupi ndi mapiritsi anu, ndipo likhale loyandikana ndi chinthu chimene mumachita kale osaganizira, monga kutsuka mano. Mapiritsi akhale pamalo ouma, oonekera kwa inu koma osafikira ana, madzi akumwa ali pomwepo. Lamulo limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse ndi ili: osazimitsa alamu musanameze piritsi. Ngati manja atanganidwa, dinani Snooze kuti ilirenso pakapita mphindi zochepa. Bola ikusokoseni katatu kusiyana n'kuitseka pakamwa kamodzi.

Funso lina limabwera masana: kodi ndamwa kapena sindinamwe? Alamu siingayankhe zimenezi. Kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi zipinda 7 kamayankha, chifukwa chipinda cha lero chikakhala chopanda kanthu ndiye kuti mwamwa. Mapulogalamu monga Medisafe ndi MyTherapy amalolanso kuchonga mukamwa, ndipo pa iPhone gawo la Medications lili kale mu pulogalamu ya Health kuyambira pa iOS 16 (iOS ndi pulogalamu yoyendetsa iPhone). Koma chenjerani, mafoni ambiri a Android amatseka mapulogalamu pofuna kusunga batire, ndipo chikumbutso chimangoti zii. Pitani ku Settings, pa Battery, mulole pulogalamuyo kugwira ntchito nthawi zonse. Tcherani chikumbutso choyesera cha mphindi ziwiri zikubwerazo, mutseke sikirini koma osazimitsa foniyo, muone ngati chilire.

Mukalandira mankhwala atsopano, werengani kuti adzatha liti, ndipo mu kalendala ya pafoni ikani chikumbutso masiku 7 asanathe. Tsiku lokaonana ndi adokotala lilembeninso momwemo.

Tsiku lina mudzaiwalabe. Kwa mankhwala ambiri a BP, imwani mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, lophonyalo lisiyeni. Musamwe awiri pofuna kubwezera, chifukwa BP ikhoza kutsika kwambiri mpaka kuchita chizungulire n'kugwa.

Palinso kuphonya kumene foni siingakonze. Ena saiwala, amasiya dala chifukwa amlodipine wawatupitsa akakolo kapena enalapril wawabweretsera chifuwa chouma chosatha. Ena amasiya ataona kuti BP yatsika, osadziwa kuti yatsika chifukwa cha mapiritsi omwewo. Mankhwala ngati atenolol ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi, chifukwa mtima umatha kuyamba kugunda mothamanga. Akakuvutani, kawafotokozereni adokotala, alipo ena amene angakusinthireni.

Ngati mukutcherera mayi kapena bambo anu okalamba, kwezani voliyumu, awonetseni podina pozimitsa, ndipo mutchere ola lomwelo pafoni yanu kuti masabata oyambirira muziwaimbira n'kuwafunsa ngati amwa.