Momwe mungamvetsere mbiri ya Ferenc Szisz, makaniko amene anapambana Grand Prix yoyamba

Ine ndine makaniko, ndipo nkhani za mipikisano ya magalimoto ndimaziwerenga usiku pa foni, manja akununkhabe girisi. Anyamata a pagalaja pathu akamakangana za Hamilton ndi Verstappen, ndimawafunsa kuti amene anapambana Grand Prix yoyamba, mpikisano waukulu wa magalimoto wa mu 1906, ndani. Onse amangoti chete. Munthuyo ndi Ferenc Szisz, ndipo chimene chimandikoka mtima n'chakuti anali mnzathu wa sipanala. Ngati mukufuna kumudziwa bwino, nayi njira imene ndinatsata ine.

Mukayamba kufufuza pa intaneti, lembani maina awiri. Kwawo ku Hungary anali Ferenc, koma ku France ankamutchula François Szisz, choncho nkhani zina mudzazipeza pa dzina limodzi, zina pa linzakelo. Khalani ndi kope pafupi, muzilemba chaka chilichonse pamzere wakewake.

Musathamangire tsiku limene anapambana. Yambani mwafunsa kuti manja ake ankagwira ntchito yanji. Szisz anabadwa mu 1873 ku Szeghalom, anaphunzira ntchito ya zitsulo, ndipo mu 1900 anafika ku Paris n'kulembedwa ntchito kwa Renault, kampani imene inali yakhanda nthawi imeneyo. Mu 1902 anakhala makaniko wokwera limodzi ndi Louis Renault, mmodzi wa eni kampaniyo, pa mipikisano. Apa imani pang'ono mumvetse. Galimoto ya mpikisano masiku amenewo inkanyamula anthu awiri, dalaivala ndi makaniko wake pambali, opanda denga, opanda lamba. Makanikoyo ankayang'anira oyilo ndi mafuta, ankacheukira kumbuyo kuona amene akubwera, ndipo chikathyoka chitsulo ankatsika n'kukonza pomwepo m'mbali mwa msewu. Munthu amene wakhala pampando umenewo amadziwa kulira kwa injini ikakhala bwino ndi kulira kwake ikayamba kudandaula. Szisz anagwira chiwongolero pamene Marcel Renault, m'bale wake wa Louis, anamwalira pa ngozi mu mpikisano wa Paris–Madrid mu 1903, womwe unaimitsidwa ku Bordeaux chifukwa cha kuchuluka kwa imfa.

Kenako werengani malamulo a mpikisanowo musanaone zotsatira zake. Ambiri amalakwa pamenepa: amaona kuti liwiro la wopambana linali pafupifupi makilomita 101 pa ola, n'kunena kuti ngakhale minibasi imathamanga choncho. Grand Prix ya 1906 inachitika pa 26 ndi 27 June pafupi ndi mzinda wa Le Mans ku France, pa misewu wamba ya anthu onse imene anaitseka. Kuzungulira kamodzi kunali makilomita 103, ndipo ankazungulira kasanu ndi kamodzi tsiku lililonse. Zonse pamodzi makilomita 1,238, ngati kuyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kanayi. Magalimoto 32 ananyamuka imodziimodzi, motalikirana ndi masekondi 90, kuyambira 6 koloko m'mawa. Galimoto sinkaloledwa kulemera kuposa makilogalamu pafupifupi 1,000. Ndipo lamulo limene muyenera kulilemba mzere kunsi ndi ili: palibe wina aliyense ankaloledwa kukhudza galimoto kupatula dalaivala ndi makaniko wake. Kuthira mafuta, kusintha matayala, kumanga chomasuka, zonse anthu awiri omwewo, ndipo wotchi ikuyendabe. Ngakhale usiku wa pakati pa masiku awiriwo magalimoto anawatsekera pamalo amodzi kuti pasakhale wowakonza mobisa.

Mukamvetsa lamulo limeneli, pitani ku matayala, chifukwa mpikisano wonse unagona pamenepo. Kunatentha koopsa masiku awiriwo. Phula limene anathira kuti lichepetse fumbi linasungunuka, miyala yakuthwa inatuluka, ndipo matayala ankang'ambika motsatizana. Phula lomwelo linkalowa m'maso mwa madalaivala ngakhale atavala magalasi, moti Edmond, dalaivala wina wa Renault, analephera kupitiriza chifukwa cha ululu wa m'maso. Tsono ganizani kusintha tayala mwa njira yakale: kukweza galimoto pa jeke, kudula tayala lotenthalo ndi mpeni, kukanikizira latsopano pa limu ndi zitsulo, kenako kupopa mpweya. Ine ndinavulapo tayala la lole pamanja masana dzuwa lili paliwombo, mutu wa chitsulo ukuterereka m'manja mwa thukuta, ndipo ndikudziwa kuti mphindi khumi ndi zisanu zimatha osadziwa. Renault ya Szisz inali ndi chinthu chatsopano cha Michelin, kampani yopanga matayala, ku mawilo akumbuyo: limu yochotseka, yokhala kale ndi tayala lopopedwa. Umangomasula manati, kutsomphola limu yakale, kulowetsa ina, kumanga. Ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu inkatha m'mphindi zochepa chabe.

Koma musafulumire kunena kuti anapambana ndi Michelin osati Szisz. Fiat nayonso inali ndi malimu omwewo, ndipo Felice Nazzaro amene ankaiyendetsa anafika wachiwiri, atasiyidwa ndi mphindi 32. Albert Clément anakhala wachitatu pa galimoto ya Clément-Bayard. Szisz anatha maola opitirira 12 ali pa chiwongolero cha Renault AK, injini ya masilinda anayi ya malita pafupifupi 13, ndipo pa magalimoto 32 aja, 11 okha ndi amene anamaliza. Maganizo anga ndi akuti anapambana chifukwa ankadziwa pothamanga ndi posunga galimoto. Pamalo owongoka anamuyeza akuyenda makilomita pafupifupi 150 pa ola, choncho sanali wamantha. Koma munthu amene akudziwa kuti chilichonse chimene angathyole akonza yekha ndi mnzake mmodzi pa dzuwa limenelo, sagwetsera galimoto m'dzenje mwachibwana. Ndimawauza anyamata athu zomwezi tikamakayesa galimoto ya kasitomala tikamaliza kuikonza.

Mukapeza zithunzi za mpikisanowu, musangoyang'ana nkhope. Kulitsani chithunzicho muone mawilo a masipoko a matabwa, matayala owonjezera omangidwa kumbuyo kwa mipando, ndi radiyeta ya Renault imene ili kumbuyo kwa injini osati kutsogolo. Onaninso zovala za anthu awiriwo mmene zaderamo. Chithunzi chimodzi choterocho chinandiphunzitsa zambiri za kutentha kwa tsikulo kuposa ndime zonse zimene ndinawerenga.

Tsopano pitirizani kulemba zaka m'kope muja, pakuti moyo wake sunathere pa Le Mans. Mu 1907 ku Dieppe zinatembenuka: Nazzaro anapambana, Szisz wachiwiri. Mu 1908 sanamalize, ndipo Renault inasiya mipikisano ya Grand Prix. Mu 1909 anachoka kwa Renault n'kukatsegula galaja yake ku Neuilly-sur-Seine. Mzere umenewu ndimaukonda kuposa yonse. Munthu amene dzina lake linamveka m'manyuzipepala a mayiko ambiri anabwerera pansi pa magalimoto a anthu, chifukwa imeneyo ndiyo inali ntchito yake. Anadzaonekanso pa Grand Prix ya 1914 ku Lyon akuyendetsa galimoto ya Alda, koma anavulala ndipo sanamalize. Pasanathe mwezi nkhondo yoyamba ya padziko lonse inabuka, ndipo iye anatumikira kumbali ya France, ku Algeria, pa ntchito ya zamtengatenga.

Chomaliza, samalani ndi tsiku la imfa yake. Mudzapeza malo ena atalemba kuti anamwalira mu 1970 ku Hungary. Chisokonezochi chinabwera chifukwa kumeneko kunali bambo wina amene kwa zaka zambiri ankadzitchula kuti ndiye wopambana wa 1906, ndipo anthu ankamukhulupirira. Mukaona magwero awiri akutsutsana chonchi, funsani kuti ndi uti amene akugwirizana ndi mizere ina ya m'kope mwanu: galaja ku Neuilly, nkhondo kumbali ya France, ukalamba ku France. Szisz weniweni anamwalira mu February 1944 ku Auffargis, mudzi wa kufupi ndi Paris, ndipo manda ake ali komweko. Kwawo anamuimikira chipilala pa bwalo la Hungaroring, kumene mipikisano ya magalimoto ya Formula 1 imachitikira kuyambira mu 1986.