Kuyerekeza Yankho la Kuchulukitsa Popanda Cholembera

Munthu amene akugula matumba 38 a chimanga pa mtengo wa K52,000 thumba lililonse amafuna kudziwa msanga ngati ndalama zimene wogulitsa watchula zili pafupi ndi zoona, ndipo zimenezi zimatheka m'mutu, foni ili m'thumba.

Yambani ndi kusuntha nambala iliyonse kuti ifike pa nambala yoyandikana nayo yothera ndi ziro. Pamenepa 38 akwere akhale 40, ndipo 52,000 atsike akhale 50,000. Chulukitsani 4 ndi 5, mupeza 20, kenaka bwezeranipo maziro asanu amene munawaika pambali, ndipo mufika pa K2,000,000. Yankho lenileni ndi K1,976,000. Samalani kwambiri pa maziro, chifukwa ziro amene ali mu 20 uja sali m'gulu la asanu aja, ndipo amene wamuwerengera pamodzi nawo amapeza K200,000, kusiyana kumene kungamuchititse manyazi pamsika.

Chifukwa chimene yankholi layandikira chotere n'chakuti nambala imodzi inakwera pamene ina inatsika, motero zolakwika ziwirizo zinafafanizana. Zikakwera zonse ziwiri, zinthu zimasintha. Tengani 47 kuchulukitsa ndi 68: mukati 50 ndi 70 mupeza 3,500, pamene yankho lenileni ndi 3,196. Kuyerekeza kotereku sikolakwika, bola mudziwe kuti mwapyola ndipo choona chili m'munsi. Koma ine ndimaona kuti ndi bwino kutsitsa 47 afike pa 45, chifukwa 45 kuchulukitsa ndi 70 ndi 3,150, zimene zayandikira kwambiri.

Nambala zazing'ono ndi zimene zimafuna chisamaliro choposa. Kuchotsa 4 pa 14 kuti akhale 10 ndi kutaya gawo lalikulu la nambalayo, pamene kuchotsa 20 pa 620 sikusintha zambiri. Choncho pa 14 kuchulukitsa ndi 620, mukagwiritsa ntchito 10 ndi 600 mupeza 6,000, kutali ndi 8,680 weniweni, koma mukagwiritsa ntchito 15 ndi 600 mupeza 9,000.

Ngati wina wakupatsani yankho lake, lifanizeni ndi lanu loyerekeza, kenaka yang'anani manambala akumapeto. Popeza 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, yankho la 47 ndi 68 liyenera kuthera ndi 6, ndipo likathera ndi nambala ina, mpempheni awerengerenso.